Kaitano ndi Chiliza Chomanga Pakamwa

Kaitano ndi msuweni wanga, choncho ufulu womunena ndili nawo, ndipo ndimunena. Mayi ake anali azakhali anga, alongo awo a bambo anga. Mukafika pamashopu a ku Zengeza 3, kuno ku Chitungwiza, n'kufunsa wowotcherera zitsulo, akulozerani kuseri kwa butchala, pomwe pali kashedi ka malata ndi mageti otsamira khoma. Munthu wamtali, wowonda, wa maso ofiira chifukwa cha moto wa ntchito yake, ameneyo ndiye. Ntchito ya manja ake sindingainyoze ayi. Mukamuuza kuti zitsulo za pawindo mukuzifuna Lachisanu, Lachisanu lomwelo muzipeza zitapakidwa kale penti, kaya magetsi anavuta kaya sanavute. Ndiye musaganize kuti ndikukamba za mlesi.

Tonsefe tinabadwira papulazi la fodya cha ku Mvurwi, kumpoto kwa Harare. Makolo athu anachokera ku Ntcheu kalekale kudzafuna ntchito, ndipo sanabwererenso. Bambo a Kaitano, a Paulo, ankasonkhezera moto m'mabalani owumitsira fodya. Anamwalira ndi chifuwa Kaitano akadali kupulayimale, ndipo anaikidwa kumanda a antchito, kuseri kwa komboni yomwe tinkakhala. Manda a antchito sankalembedwa maina. Unkangokhala mulu wa dothi, timiyala, ndi mbale kapena kapu imene munthuyo ankagwiritsa ntchito ali moyo. Azakhali anaikapo mbale yachitsulo yoyera, ya mkombero wabuluu. Pulazilo litagawidwa kwa anthu atsopano, ife tinamanga mitolo n'kubwera kuno ku Chitungwiza kudzachita lendi tizipinda. Akufa athu anatsala komweko.

Disembala akafika, anzathu Achishona amakwera mabasi kupita kwawo kumudzi, kumene iwo amati kumusha. Ife kumusha tilibe. Za ku Malawi timadziwa dzina la mudzi basi, ndipo ana athu ukawalankhula Chichewa amakuyankha m'Chishona. Ndiye timatsala m'tauni muno kumayang'anira nyumba za eni. Kuti tisamve umasiye, tsiku loyamba la Januwale timasonkhana masana pabwalo la a Hezekiah ku Unit K, dera lina la tauni yomwe ino. A Hezekiah ndi mkulu amene ankatsogolera adzukulu papulazi paja, ndipo manda ambiri a kumeneko anakumba ndi iwowo. Timaphika mpunga ndi nkhuku, timadya, kenako aliyense amaimirira n'kunena zimene achite m'chaka chatsopanocho. Akamaliza, abambo amaomba m'manja, ife amayi timaimba nthungululu.

Zambiri zimene zimanenedwa pamenepo n'zoseketsa. Mnzathu wina, Godknows, amalumbira kuti mowa wausiya, botolo lili pansi pa mpando. Ineyo ndimati ndisiya kukalipira anthu ofinya tomato wanga pamsika, ndipo Januwale asanathe ndimakhala nditamutukwana kale wina. Zotere sizipweteka munthu. Koma Kaitano akaimirira, bwalo lonse linkakhala chete, chifukwa nkhani yake inali yolemera. Ankavula kapusi, n'kuyang'ana mayi ake, n'kunena kuti chaka chino akamanga chiliza pamanda a bambo ake.

Chaka choyamba tinalira nawo. Azakhali anavina ndi ndodo yawo, n'kumupukuta nkhope ndi chitenje ngati kamwana. Chakacho chinatha, chiliza osaoneka. Januwale wotsatira anaimiriranso, ndipo m'malo mochita manyazi anawonjezera. Chiliza sichikhalanso cha simenti, chikhala cha mwala wakuda wonyezimira. Chaka china anati padzakhala chithunzi cha bambo ake, chikhalirecho chithunzi cha a Paulo chimene tili nacho ndi cha pachitupa, chofufutika. Kenako anawonjezera mbuzi yodzaphera pamwambowo, kenako makombi awiri, maminibasi akuno, odzaza abale, kenako kwaya ya amayi atavala yunifolomu. Chiliza chinkakula chaka ndi chaka, ndipo ife, anthu opanda nzeru, nthungululu zathu zinkakulanso.

A Hezekiah okha ndiwo sankaomba m'manja. Chaka china, anthu akubalalika, anamukokera pambali pafupi ndi mpopi pomwe ine ndinkatsuka mbale, ndipo ndinamva zonse.

"Mwana wa Paulo, tandimvera," anatero. "Manda a bambo ako ali pakati pa mtengo wa msuku ndi chulu. Mwa ife amene tinakumba, wodziwa malo enieni ndatsala ndekha. Dula kachitsulo pashedi yakoyo, unditenge Loweruka limodzi, tikakhome. Mwala wakowo udzapeza malo odziwika kale."

Kaitano anaseka mwaulemu, n'kunena kuti kachitsulo n'chipongwe kwa bambo ake, makamaka kochokera kwa mwana wowotcherera zitsulo. Anthu adzati chiyani? Anawapempha kuti apirire pang'ono, zinthu zikhale m'malo mwake, adzapite kamodzi n'kuchita zenizeni. A Hezekiah anangoti maso awo ayamba kuchita chifunga, n'kulowa m'nyumba.

Zifukwa Kaitano sankazisowa. Januwale ndi mwezi wa fizi za ana. Febuluwale mvula, misewu ya kumapulazi siipitika. Mvula ikatha, maoda a mageti achuluka. Nthawi yozizira a Hezekiah angadwale panjira. Nthawi yotentha mwala wakwera mtengo. Kuphethira kamodzi, Disembala uyu. Chilichonse mwa zimenezi chinali choona ndithu, n'chifukwa chake zinali zovuta kumutsutsa.

Koma ine ndakhala naye moyandikana kuyambira tili ana, ndipo zenizeni ndikuzidziwa. Choyamba, malipiro ake ankalandiriratu pa 1 Januwale. Munthu amene waomberedwa m'manja, mayi ake amuvinira, anthu amutcha mwana wodziwa makolo, amabwerera kunyumba mtima uli mbee ngati wagwira kale ntchitoyo. Chachiwiri, anachikulitsa chinthucho mpaka sichikanakwananso m'Loweruka lililonse la padziko lino. Geti amalimaliza chifukwa geti lili ndi muyeso komanso mwini wake amabwera kudzalitenga. Chiliza chake chinalibe muyeso, ndipo mwini wake sakanabwera kudzafunsa.

Chachitatu ndicho chinali chachikulu, ndipo sankachitchula. Kaitano ankaopa pulazi lija. Kusukulu ya kumeneko ankamuseka kuti mubhurandaya, munthu wa ku Blantyre wopanda kwawo, ndipo ankatsanzira Chishona chopindika cha bambo ake. Tsiku lochoka, iye anakhala pamwamba pa lole atagwira matiresi, anthu atsopano aja akutiyang'ana. Anadziuza mumtima kuti akadzabwerera adzabwera ngati bwana, osati ngati wopempha. Ankaganiza kuti akangofika ndi kachitsulo m'manja, eni minda adzamugwaditsa, kumufunsa kuti ndiwe yani, mwinanso kumuthamangitsa ndi agalu. Mwala wakuda ndi makombi awiri zinali zoti abisalemo.

Zinatha zaka zoposa khumi zikuyenda choncho. Kenako azakhali anayamba kudwala. Miyendo inatupa, kupuma kunkavuta, ndipo kuchipatala anangotipatsa mapiritsi n'kutiuza kuti tiziwasamalira kunyumba. Tsiku lina m'mawa ndikuwasambitsa, anandituma kuti ndikaitane Kaitano kushedi. Anabwera ndi magalasi ake akuda ali pamphumi. Azakhali sanakalipe, ndipo mwina kukalipa kukanakhala bwino.

"Za mwala zisiye, mwanangu," anatero. "Ine sindiuona. Ndikufuna dothi lodzaza dzanja limodzi lochokera pamanda a bambo ako. Mudzaliike m'bokosi mwanga. Ine ndigona kuno kutauni, iwo kutali uko, ndiye tikhaleko ndi kena kotilumikiza."

Dothi lodzaza dzanja, abale. Zaka zonsezi munthu akulonjeza mwala wolemera ngati ng'ombe, mayi ake akufuna chinthu choti chikwane m'thumba la malaya. Kaitano anayamba kunena kuti mwezi ukatha, ntchito ikachepa, koma ndinamudula. Ndinamuuza kuti Loweruka likubwerali tikupita, ndipo akapanda kudzuka ndidzamudzutsa ndi madzi a m'ndowa pamaso pa mkazi wake.

Lowerukalo anatulukira atavala suti ya ukwati ndi nsapato zosongoka, tepi yoyezera ili m'thumba, ati akayezeretu malo a chiliza. Ndinafuna kuseka, koma mtima sunandilole. Tinakatenga a Hezekiah ku Unit K. Pa nthawiyi ng'ala inali itaphimba maso onse awiri, moti ankangozindikira kuwala ndi mdima, ndipo ine ndi amene ndinkawagwira dzanja. Tinakwera kombi mpaka ku Harare, ina mpaka ku Mvurwi, kenako kagalimoto kotsegula kumbuyo, ndipo kotsalako tinayenda pansi. Nsapato zosongoka zija zinafika zitayera ndi fumbi.

Malo sindinawazindikire. Komboni kulibe, pali minda ya chimanga ndi nyumba za njerwa zomwazikana. Tinafunsa mayi wina wochokera kudamu, ndipo anatilozera kwa mwini munda umene unali ndi manda. Kaitano anakonza tayi, n'kukhosomola, nkhope itauma ngati munthu wokalowa m'khoti.

Mwini mundayo anali bambo wachikulire wovala magambutsi, akukonza goli la ng'ombe. Atamva chimene tadzera, anasiya zonse, n'kuvula chipewa, n'kutiombera m'manja mwa Chishona. Anaitana mkazi wake kuti atipatse madzi ndi mpando wa a Hezekiah. Agalu analipo awiri, koma anangotinunkhiza n'kukagona. Kenako anatitsogolera kudutsa m'chimanga mpaka pa kadera kena kosalimidwa pakati penipeni pa munda, kotchingidwa ndi nthambi zaminga.

Anatifotokozera kuti atapatsidwa mundawo anapeza milu ya manda, ndipo anauza ana ake kuti khasu lisadzakhudze pamenepo. Chaka chilichonse amawonjezera minga kuti ng'ombe zisalowe. Anafunsapo kumashopu, anatumizapo mawu kumatchalitchi, kuti ngati pali abale abwere adzaonetse kuti uyu ndi yani, uyu ndi yani. Sanabwere ndi mmodzi yemwe. Ananena zimenezi mofatsa, mopanda kudzudzula, n'kumaliza ndi mawu amene mpaka lero amandiwotcha.

"Ndinafika poganiza kuti anthu amenewa analibe ana."

Ndinayang'ana pansi. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire, ndipo ine si amene ndinkalonjeza. Kaitano anavula tayi pang'onopang'ono n'kuipinda m'thumba. Thukuta linkatsika m'khosi mwake, koma sanalipukute.

A Hezekiah anati tiwaimike pa mtengo wa msuku. Mwini munda anati mitengo yonse ya kumeneko inatha kalekale, anthu anadula kuwumitsira fodya, ndipo ngakhale zitsa zinazulidwa. A Hezekiah anati nanga chulu? Chulu anachikumba anyamata oumba njerwa, ndipo mwini mundayo sankadziwa kuti ndi chizindikiro cha kanthu. A Hezekiah anapempha kuti ndiwalowetse mkati. Tinayenda m'udzu wofika m'chiuno, iwo akupapasa pansi ndi ndodo. Milu inali itaphwa, ina itasanduka maenje. Tinapeza chigubu chadzimbiri, chogwirira cha kapu, ndi zidutswa za mbale zomwe mvula inazikokolola kuchoka pamalo pake. Anandifunsa kuti dzuwa lili mbali iti, damu lili mbali iti, anatembenuka uku ndi uku. Pomaliza anakhala pansi m'udzumo.

"Ndikanabwera maso alipo, ndikanakulozera ndili chiimire," anatero. "Pano ndikanena ndinama. Paulo ali pano, koma sindikudziwa kuti ndi uti."

Kaitano anazungulira malowo kwa nthawi yaitali, suti itadzaza chisoso. Kenako anagwada pa mulu wina umene unkaoneka wautali, n'kutapa dothi, n'kuika m'kapepala ka shuga. Palibe amene anamuletsa. Mwini munda anatiperekeza mpaka kumsewu, ndipo anatipatsa maungu awiri kuti tikawapatse odwala.

M'kombi pobwerera Kaitano anandinong'oneza kuti tikangonena kuti manda tawapeza. Amayi akudwala, bwanji tiwapweteke mtima? Dothi ndi dothi. Ndinamuyankha kuti ine pakamwa panga nditseka, koma azakhali akandifunsa maso ndi maso sindiwanamiza. A Hezekiah ankamva zonse, koma anangoyang'ana kuwindo kumene sankaonako kanthu.

M'mawa mwake azakhali anali pamphasa panja, akuwothera dzuwa. Kaitano anagwada, n'kuwapatsa kapepala kaja ndi manja awiri. Anakamasula, n'kuthira dothi pang'ono m'dzanja, n'kumalifikisa ndi chala. Nkhope yawo inawala moti ine ndinafuna kuthawira kuseri kwa nyumba. Kenako anafunsa ngati mbale yawo ija, ya mkombero wabuluu, ikadalipo.

Kaitano akanati eya, nkhani ikanathera pomwepo, ndipo ine sindikanatsutsa chifukwa sanafunse ine. Munthu amene ankalankhula bwalo lonse n'kukhala chete, mawu anamuthawa. Atalankhula, ndinachita kutchera khutu kuti ndimve.

"Amayi, sitinawapeze. Msuku anadula, chulu anakumba, a Hezekiah sakuona. Dothili ndangotapa pamanda ena. Ndinachedwa, amayi."

Azakhali sanalire. Anabwezera dothi lija m'kapepala mosamala, n'kupukuta dzanja lawo pamwamba pake kuti ngakhale kamchenga kamodzi kasatsale, n'kumanga, n'kumupatsa.

"Kabweze pomwe watenga," anatero. "Ili ndi la eni ake. Sindingagone ndi mwamuna wa mnzanga."

Anapempha kuti ndiwalowetse m'nyumba, ati dzuwa lawakwana. Kaitano anatsala chogwada pamphasa paja, kapepala kali m'manja, anthu a lendi anzathu akudutsa ndi zidebe kupita kumpopi n'kumamuyang'ana.

Loweruka lotsatira anapita yekha, atavala ovolosi yake ya kuntchito. Sanauze munthu, ndipo ine ndinamva kwa mkazi wake Vimbai. Anakabweza dothi pa mulu uja. Atamaliza, poti kagalimoto kobwerera kanali kasanafike, anabwereka khasu kwa mwini munda n'kuyamba kulambula udzu. Tsiku linatha asanafike ndi pakati pomwe, ndiye anauza bambo uja kuti abweranso kudzamaliza. Ameneyo ndi munthu amene Kaitano anamuopa zaka zonse zija, ndipo pano amamusungira khasu lakelake kuseri kwa nkhokwe.

Azakhali anamwalira m'nyengo yozizira ya chaka chomwecho. Tinawaika kumanda a tauni kuno ku Chitungwiza, ndipo m'bokosi mwawo munalibe dothi lililonse. Pamaliro anthu ena a pabwalo la a Hezekiah ankanong'onezana za mwala wakuda uja, ndipo Kaitano ankawamva. Sanadziteteze. Ananyamula nawo bokosi, anakwirira nawo, n'kukakhala kumbuyo kwa anthu onse.

Papita zaka zingapo tsopano, ndipo mwezi sutha Kaitano asanapite kumanda a papulazi paja. Kukagwa mvula amapita, maoda akachuluka amatseka shedi n'kupita. Minga ija anaichotsa, anaika mpanda wa zitsulo zotsala pa mageti a anthu, zosiyana mitundu, zina zopindika, koma ng'ombe siingadutse. Pa mulu uliwonse anakhomapo kachitsulo kopanda dzina. Sindinamumvepo akunena kuti wasintha, ndipo ukamuyamikira amakwiya. Ine ndimadziwa kuti wapitako ndikaona chisoso m'miyendo ya ovolosi yake Lolemba m'mawa.

Tsiku lina ndinamupeza pashedi akudya chimanga chootcha, magetsi atazima. Chisuweni chinandigwira, ndipo ndinamuseka kuti iwe Kaitano, unalephera kusamala manda amodzi, lero wasanduka mdzukulu wa komboni yonse. Sanaseke. Anati amalambula onse chifukwa akasiyako amodzi, mwina amenewo ndiwo a bambo ake. Ndinasiya nthabwala, n'kumufunsa kuti nanga akafuna kulankhula ndi bambo ake, amagwada pa mulu uti.

Anayang'ana chitsononkho chili m'manja mwake, n'kuchiponya m'chitini cha zinyalala.

"Ndimasinthasintha," anatero.